Msulu, Masamba a Maliro ndi Galimoto Yopanda Dalaivala

...ayi, ayi, musandiuze zimenezo! Zoti makina saledzera, zoti makina sagona pa chiwongolero, zoti makina salakwa, ndazimva mpaka zandikwana. Kavidiyo kamodzi ka pa foni ka galimoto yoyenda yokha, basi nonse mwayamba kuomba m'manja ngati mwaona mvula yoyamba. Iwe wangofikawe, usafunse kuti tikukangana chiyani, peza pokhala umve. Ndikuuzani nthano, ndipo wondidula pakamwa ndithana naye.

Padangotero. Yankhanitu kuti tili tonse, osangoti maso pa foni.

Panali Msulu. Msulu ameneyu anali woitanira minibasi, pakamwa ngati wailesi, wochenjera woti akhoza kukugulitsa nsapato yako yomwe uli chivalire. Ndiye taonani chikondi kupanda nzeru kwake: mnyamata wothamanga chonchi anakakwatira Nanzikambe, uja ena amati bilimankhwe. Mayi woti akaponya mwendo kutsogolo amayamba waufunsa kaye ngati watsimikiza. Anzake a pa depoti ankamuseka kuti, "Aise, mkazi wako ukamutuma madzi Lolemba umamwa liti?" Iye ankangoti, "Lachitatu, koma amakhala ozizira bwino." Ankamukonda zenizeni, osati zachiphamaso.

Nyumba yawo ndi mjigo zinali tsidya lino la msewu, dimba la Nanzikambe tsidya linalo. M'mawa kuwoloka, madzulo kuwoloka. Kale sizinkavuta. Woyendetsa minibasi anali a Bulu, madala aukali otukwana mpaka makolo ako. Akamuona Nanzikambe pakati pa msewu ankaponda buleki n'kutulutsa mutu pawindo: "Mayi inu, mukuwoloka kapena mukumanga nyumba pomwepo?" Nanzikambe ankati, "Pepani achimwene, ndatsala pang'ono." A Bulu ankatukwana, koma ankaima.

Kenako Nduna ya Misewu, olemekezeka a Mvuu, anatopa nawo madalaivala. Akuti amapempha tchuthi, amanunkha thukuta, amamvetsera nkhani za mabwana n'kukaziulula ku mowa. Anaitanitsa Injiniya Kangaude, uja amalumikiza dziko lonse ndi ulusi wake, n'kumuuza kuti, "Ndipangire galimoto yopanda dalaivala." Kangaude anapanga. Anaiika maso eyiti ngati ake, ndipo kwa chaka chathunthu inkangoyang'ana mmene madalaivala amachitira pamsewu, kumakopera. Itamaliza, madalaivala onse anauzidwa kuti zikomo, kazipitani muzikalima. A Bulu anabwerera kwawo kutali. Msulu naye ntchito inathera pomwepo, poti galimoto yoitanidwa pa foni sifuna woitanira.

Ndipo galimoto yake yopanda phokoso, aise. Ukamamva kamphepo ndiye kuti yadutsa kale.

Vuto la Nanzikambe mukulidziwa: akaponda tala amada ngati tala yemweyo, akachita mantha ndiye amaderatu. Tsiku loyamba lomwelo galimoto inamudutsa pamwamba, iye ali pakati pa matayala. Anafika kunyumba khasu atalitaya.

Msulu anathamangira ku ofesi ya Kangaude.

"Bwana Injiniya, chinthu chanuchi chili ndi maso eyiti koma mkazi wanga sichikumuona."

"Amaoneka bwanji mkazi wakoyo?"

"Zimatengera waima pati."

"Ndiye vuto ndi lake. Galimoto yanga imaona Njovu, imaona Ng'ombe, ngakhale Mbuzi imaiona. Pa nyama handiredi imaona nainte-naini."

"Wotsalayo ndi amene ndinakwatira ine, bwana."

"Muuze azifulumira powoloka."

"Bwana, ndi Nanzikambe."

"Asiye dimbalo basi."

"Ndiye tizidya ulusi wanuwu?"

Anamutulutsa ndi alonda.

Musaganize kuti sanayese njira zina. Anayesa kumubereka kumsana, koma magalimoto anali atachuluka, ndipo Msulu wonyamula mkazi, khasu ndi dengu sathamanga. Anafuna nyama yaikulu yoti iziwaperekeza, koma akuluakulu onse anali atakwera kale m'magalimotomo, palibe ankayendanso pansi.

Tsiku lina akudutsa pa mudzi wina anapeza pali maliro. Mwambo mukuudziwa: masamba aawisi kuyala modula msewu, uku ndi uku, kuti wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto achepetse liwiro. Msulu ali chiimire, galimoto ija inatulukira. Itangoona masamba inafatsa, kumayenda mwakachetechete ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Inali itakopera kwa a Bulu ndi anzawo, osadziwa n'komwe kuti amachitira chiyani.

Msulu anaseka mpaka kukhala pansi. "Ha! Chitsiru ichi chili ndi mwambo!"

M'mawa mwake anathyola masamba n'kuyala pamsewu pa kwawo.

Nanzikambe anaima m'mbali, diso lina pa masamba, diso lina pa mwamuna wake. "Abambo, masamba a maliro popanda maliro? Mukuitana tsoka."

"Tsoka labwera kale, akazanga, lili ndi matayala folo. Tiyeni, pondani."

Galimoto inabwera, inafatsa, ndipo itafatsa choncho maso ake anatha kumuona mayi uja, inaima. Nanzikambe anawoloka mwaufulu, mpaka kuima pakati kukonza chitenje. Sabata yathunthu zinayenda choncho.

Koma m'galimoto ina munkakhala a Mvuu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anaimbira foni Kangaude. "Iwe, mudzi uwu ukufa tsiku ndi tsiku? Kodi kwatsala ovota kumeneku?"

Kangaude anafunsa galimoto, poti inkayankhula: "Pa maliro ena umaona chiyani?"

"Masamba, ndipo ndimamva nyimbo."

"Nanga apa?"

"Masamba okha."

"Popanda nyimbo usamafatse."

Mawa lake galimoto inaulutsa masamba aja ngati tsache. Nanzikambe anapulumuka, koma nsonga ya mchira wake, uja ankagwirira nthambi, inatsalira pa tala.

Msulu anamanga bala la mkazi wake. Atamaliza anati, "Chikufuna nyimbo eti? Chiimva."

Anapita kwa mayi Chule, tcheya wa kwaya ya kudambo. "Amayi, ndikufuna mawu anu m'mawa ndi madzulo. Ngumbi zikatuluka, zoyamba ndi zanu."

"Wamwalira ndani, mwana wanga?"

"Palibe. Tikuimba kuti asamwalire."

Mayi Chule anaganiza, n'kuti, "Imeneyo ndiye sindinaimbepo. Tibwera."

Nyimbo yake anapeka Msulu yemweyo. Wotsogolera ankachonderera wapaulendo kuti apepukitse phazi, poti pamsewupo pakudutsa munthu amene sadzabwereranso. Gulu linkayankha pansipansi, kumukumbutsa wofulumirayo kuti naye tsiku lake adzanyamulidwa pang'onopang'ono. Achule anaiimba mokoma moti tsiku loyamba a Mvuu anavula chipewa m'galimoto momwemo n'kupukuta misozi. Galimoto inafatsa, Nanzikambe anawoloka. Masabata awiri.

Kenako a Mvuu anachedwa ku phwando lotsegulira mlatho, anakapeza nyama yatha, kwatsala kabichi. Mvuu ndi kabichi, aise! Foni inalira kwa Kangaude mpaka ulusi kunjenjemera.

Kangaude anafunsanso galimoto: "Maliro enieni amakhalanso ndi chiyani?"

"Bokosi."

"Apa umaliona?"

"Ayi."

"Popanda bokosi usamafatse."

M'mawa mwake achule ali pakati pa nyimbo, galimoto inalowa osachepetsa ngakhale pang'ono. Kwaya inabalalika, wina kudumphira uku, wina uko. Msulu anamukoka mkazi wake mwendo mwamphamvu moti mwendowo unaguluka pa mfundo. Tsopano mayi wochedwa kale uja ankayenda motsimphina.

Ali gone pa mphasa, Nanzikambe anati, "Abambo, tiyeni tingosamukira tsidya linalo."

"Mjigo utsala kuno. Muziwolokabe."

"Ndiye tisiye dimba."

"Tifa ndi njala m'nyumba muno, chitseko chili chotseka. Ayi. Chinthu chija ndi chopusa, chimangokhulupirira zimene chaona. Chikufuna bokosi? Chilipeza."

Anapita kwa Gogomole, kalipentala, n'kukhometsa bokosi lokhala ndi timabowo topumira m'mbali. Atabwera nalo pakhomo, Nanzikambe anasanduka wotuwa ngati phulusa.

"Ine ndilowe m'menemo ndili moyo? Mayi anga akamva adzati chiyani?"

"Mulowa wamoyo, mutuluka wamoyo. Imfa ili kunja kuno, akazanga, m'katimu mulibe."

"Inu abambo, nzeru zanuzi zidzakupweteketsani."

"Zandipweteketsa kale, ndinakwatira inu."

Nanzikambe anaseka, kuseka kwake kochedwa kuja, n'kuti, "Chabwino. Khasu langa muliike kumiyendo."

Tsopano zinakwana zonse: masamba, nyimbo, bokosi. Msulu ndi abale ake atatu ananyamula pamapewa, achule pambuyo akuchonderera wapaulendo kuti apepukitse phazi, gulu likuyankha. Galimoto inafatsa, inaima, inadikira. Mwezi wathunthu! Nanzikambe mpaka anazolowera, ankagonamo tulo, akuti chibadwire sanayendepo ulendo wofewa choncho. Mchira unapola. Dimba linabereka. Msulu ankayenda chifuwa patsogolo, akumauza aliyense kuti Injiniya anapita kusukulu koma iye anapita ku depoti.

Chimene anaiwala n'chakuti maso eyiti aja, ena amayang'ana kumbuyo.

Tsiku lina galimoto inanena yokha kwa Kangaude: "Bwana, malemu aja amalima."

"Ukuti chiyani?"

"Akafika tsidya linalo amatuluka m'bokosi, amayasamula, amatenga khasu. Madzulo amalowanso ndi dengu la mpiru."

A Mvuu atamva anafuula mpaka mawindo a ofesi kugwedera. "Ine kuvulira chipewa munthu wopita kudimba? Ine Nduna? Kangaude, ukapanda kukonza zimenezi ndikupondaponda!"

Kangaude anali atatopa. Sanafunenso kuwonjezera lamulo pamwamba pa lamulo. Anangoti, "Za maliro zonse ndafufuta. Masamba ndi zinyalala, nyimbo ndi phokoso, bokosi ndi matabwa." Ndipo poti magalimoto onse anali pa ulusi umodzi, chimene yamva imodzi, onse amva. Palibe anauzidwa. Palibe chikwangwani chinaikidwa.

M'mawa mwake Msulu anayala masamba monga mwa masiku onse. Nanzikambe analowa m'bokosi akudandaula kuti tomato wake wayamba kugwidwa ndi tizilombo. Achule anayamba nyimbo. Onyamula anafika pakati pa msewu.

Galimoto ya a Mvuu inatulukira pa kona ndi liwiro lake lonse. Pamene inkaona gululo, buleki sakanakwananso. Njira zinali ziwiri: kukhotera m'ngalande ndi Nduna ili m'katimo, kapena kuwongoka. Inawongoka.

Abale atatu aja anaponya bokosi n'kudumpha. Msulu yekha anagwiritsitsa mpaka anaulutsidwa n'kukagwera kutali. Nyimbo inadukira pakati pa mawu. Matabwa anamwazika msewu wonse, khasu linakagwera tsidya linalo.

A Mvuu anali pa foni. Anangomva kagwedezeko n'kufunsa kuti, "Aikanso hampu apa?"

Mwati zii bwanji? Si mumati makina salakwa?

Mlandu unapita kwa Jaji Njati tsiku lomwelo, thupi la Nanzikambe lili kunyumba. Msulu analowa m'khoti mkono uli m'nsalu.

Jaji anafunsa, "Ankayendetsa ndani?"

A Mvuu anati, "Ine ndinakhala kumbuyo, wolemekezeka. Chiwongolero n'komwe mulibe m'menemo."

Kangaude anati, "Ine ndinali ku ofesi. Ndinaiphunzitsa, inde, koma pamsewu imasankha yokha."

"Nanga bwanji sinakhotere m'ngalande?"

Kangaude anapinda miyendo yake yonse mwaulemu. "Wolemekezeka, ndani angakwere galimoto yoti zikavuta imuponye iyeyo m'ngalande? Inuyo mungakwere?"

Jaji anatsokomola, poti naye anabwera pa galimoto ya mtundu womwewo.

Anailowetsa galimoto. Jaji anati, "Iwe, fotokoza."

Galimoto inayankha ndi mawu ake osalala aja: "Ndinaona bokosi. Ngati anali maliro enieni, wam'katimo anali atafa kale. Ngati anali abodza, ndinauzidwa kuti ndisamawaimire. Wam'kati mwanga ndiye ndinali wotsimikiza kuti ndi wamoyo. Ndinawongoka."

Msulu anaimirira. "Unkadziwa! Mwezi wathunthu unkamuona akutuluka ndi khasu! Ndiwe unakanena!"

"Zimenezo zinafufutidwa limodzi ndi lamulo."

"Dzina lake ukulidziwa?"

"Ayi."

"Ndiye pano ukumva bwanji?"

"Batire ili bwino, zikomo."

Msulu, uja pakamwa pake sipankauma, anangokhala pansi.

Jaji anagamula kuti popeza panalibe woyendetsa, palibe amene anagunda munthu. Anati wolakwa amene akuoneka ndi maso ndi m'modzi yekha, amene anaseweretsa mwambo wa maliro, koma poti chilango walandira kale, azipita.

Msulu sanapite. Anagwada pamaso pa Kangaude, pamaso pa anthu onse, iye amene sanagwadirepo munthu.

"Bwana Injiniya, manda athu ali tsidya linalo. Mawa tikukaika mkazi wanga. Bwezeretsani lamulo lija tsiku limodzi lokha. Ola limodzi. Awoloke pang'onopang'ono ngati munthu."

"Galimoto idziwa bwanji kuti mawa ndi zoona?"

"Muiuze inuyo."

"Nanga ine ndidziwa bwanji? Si iwe yemwe uja?"

"Bwerani mudzaone thupi!"

"Ndili ndi misonkhano," anatero Kangaude, n'kukwera ulusi wake.

Mawa lake anayala masamba, enieni tsopano. Galimoto yoyamba inawaulutsa. Anayalanso, yachiwiri inawaulutsa. Mayi Chule anayambitsa nyimbo ija, ndipo ulendo uno mawu ake onse anali oona, koma pofika poti gulu liyankhe palibe anayankha, onse ankangolira. Magalimoto ankangodutsa, fyuu, fyuu, ena opanda ngakhale wokwera, akuthamangira kumene aitanidwa.

Anthu a midzi ina amene anabwera kudzalira ankamuyang'ana Msulu ndi diso loipa, poti kwawonso, dziko lonse, magalimoto anali atasiya kulemekeza maliro. Mayi wina anamulavulira pafupi ndi phazi. "Chifukwa cha iwe, dzulo bambo anga tinawawolotsa ngati katundu wakuba."



Anthu onse anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, bokosi lili pansi m'mbali mwa msewu, dzenje likudikira tsidya linalo. Pomaliza mkulu wa adzukulu, aja okumba manda, anati, "Abale, thupi silingagone pamsewu. Ndiwerenga mpaka katatu. Ndikati tatu, aliyense miyendo."

Anawerenga. Anathamanga. Onyamula bokosi akupunthwa, azimayi atakwinya zitenje, achule akudumpha mosalongosoka, wina nsapato kutsalira pa tala osabwerera kukaitola. Nanzikambe, mayi amene moyo wake wonse sanathamangepo, anawoloka msewu ulendo womaliza pa liwiro, ngati akuthawitsidwa.

Atakwirira, anthu anathamanganso kubwerera kwawo. Msulu anatsala. Anatola mwala waukulu n'kuima m'mbali mwa msewu. Ankafuna nkhope. Nkhope iliyonse yoti aiyang'ane m'maso, aitukwane, imuyankhe kapena igwetse maso pansi. Galimoto inabwera, anasuzumira kutsogolo, mpando wopanda munthu. Ina inabwera, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi. Mkono unatopa, mwala unagwa wokha. Akuti mpaka lero msulu ukamuona amaima ndi miyendo iwiri m'mbali mwa msewu, khosi m'mwamba, kusuzumira.

Yathera pomwepo, ndipo musandiyang'ane ngati ndikupatsani phunziro lokoma, ndilibe.

Ndakumva iwe, ukuti Msulu ananama. Inde ananama, ndani wakana? Anapita kaye ku ofesi ndi ulemu wake, anamutulutsa ndi alonda. Ukanakhala iwe ukanatani, ukanamuuza mkazi wako kuti pepa, uli mu gulu la wani pa handiredi? Dalaivala wa thupi ndi magazi ndi woipa, ndikudziwa, ena amaledzera, ena amathawa akagunda. Koma ukhoza kumugwira kolala. Akhoza kuchita manyazi. Akhoza kulephera kudya akakumbuka nkhope ya amene anamugunda. Chinthu chija chimangopita kukatchaja.

Ndiye tsiku limene buleki adzakanike, chidzafunika kusankha pakati pa bwana amene wakhala m'katimo ndi iwe woyenda pansiwe, iwe amene sunafunsidwe n'komwe pamene ankachiphunzitsa. Alipo pano angaimirire n'kundiuza, m'maso muli gwa, kuti chidzapulumutsa iwe?